Bulangeti Lokha Silichotsa Munthu Pakhonde

Mu Malichi 2015 apolisi anagwira Mayeso Gwanda mbandakucha ali pa ulendo wopita ku Limbe kukagulitsa majumbo. Mlandu wake unali wa vakabu, lamulo lomwe anatisiyira atsamunda, lololeza kutsekera munthu chifukwa chongopezeka pamalo nthawi imene wapolisi sakuikhulupirira. Gwanda sanagonje, ndipo mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Iyeyo ankachokera kunyumba akupita kogwira ntchito. Amene lamulolo linkawapweteka usiku ndi usiku ndi aja alibe nyumba yochokerako.

Khoti linafafaniza gawolo m'buku, koma m'maganizo mwathu likadalimo. Pakapita miyezi timamva kuti ayamba ntchito yochotsa ana m'misewu. Lole imabwera, anawo amakwezedwa, ife oyendetsa magalimoto n'kupuma kuti tauni yayera. Sipatenga nthawi, nkhope zomwe zija zabwerera pamaloboti, dzanja lili m'mwamba: "Bwana, ndithandizeni ya chakudya." Ndiye timayamba kunena kuti anawa ndi osamva, anazolowera ndalama zopempha, ngakhale uwapatse pogona pabwino amathawa. Funso loti kumene anawatengerako anakapezako chiyani, ndipo ankayenera kutulukako kupita kuti, ndi ochepa amalifunsa.

Amene anadutsapo mu Limbe usiku wa mwezi wa Juni anaona mmene anawa amagonera pakhonde la sitolo. Pansi amayala katoni, miyendo n'kuilowetsa m'thumba la saka, wamng'ono amamuika pakati kuti atenthedwe. Amene ali ndi nsapato amazitsamira, chifukwa akazisiya pambali sazipezanso. Tulo take n'todukizadukiza, poti akumvetsera mapazi a mlonda, a wapolisi kapena a mnzawo wamkulu wolanda ndalama, ndipo kusanache ayenera kupinda katoni mwini sitolo asanafike. Munthu wogona chonchi miyezi ingapo mutu sugwira. Sungamuuze za sukulu, za ntchito kapena zosiya chamba, iye akuganiza za komwe abise katoni wake mpaka madzulo.

N'chifukwa chake sindinyoza nyumba zosungirako anthu osowa pokhala. Zimapatsa munthu tulo tathunthu, madzi osamba, mbale ya nsima ndi poika kathumba kake popanda kukalondera. Zimenezi n'zazikulu, ndipo amene amazipeputsa sanagonepo panja. Chomwe chimandivuta n'choti nyumba zambiri zotere zimadziwa kulandira munthu koma sizidziwa kumutulutsa. Ena amakhalamo zaka, ena amalowa ndi kutuluka mpaka ogwira ntchito kuwatopa nawo.

Dziko la Finland linalimbana ndi vuto lomweli. Kumeneko kugona panja m'nyengo yachisanu ndi imfa, choncho nyumba zogonamo usiku anali nazo kuyambira kale. Mu 1987 anthu osowa pokhala anali oposa 18,000. Njira yomwe ankatsata inali ya makwerero: uyambe wagona m'chipinda cha anthu ambiri, usiye mowa, uzimwa mankhwala ako mokhulupirika, uonetse khalidwe, kenako akukweze pamalo abwinopo, ndipo nyumba yakoyako ibwere kumapeto ngati mphoto. Amene anali ndi mavuto ochepa ankakwera ndithu. Koma zidakwa zenizeni ndi odwala maganizo ankaterereka pa sitepe yachiwiri, n'kubwerera pansi kukayambanso, chaka ndi chaka.

Mu 2008 boma linatembenuza dongosolo lonselo. Linati munthu apatsidwe nyumba poyamba, zinazo zibwere pambuyo. Maganizowa anali atayesedwa kale ku New York, kumene Sam Tsemberis anayambitsa bungwe la Pathways to Housing mu 1992, ndipo pafupifupi anthu 8 mwa 10 aliwonse omwe anapatsidwa nyumba mwanjira imeneyi anakhazikikamo. Finland inachita zimenezi dziko lonse. Pamsewu wa Alppikatu mumzinda wa Helsinki panali nyumba ya Salvation Army yogonamo anthu pafupifupi 250. Anaikonzanso, ndipo pofika 2012 inasanduka timanyumba 81, aliyense ndi chitseko chake, bafa lake ndi pophikira pake. Bungwe la Y-Foundation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1985, linkagula nyumba m'madera osiyanasiyana n'kumachititsa lendi yotsika kwa anthu oterewa.

Tisamve molakwa, nyumbazo si zaulere. Wolowamo amasaina pangano la lendi ngati wina aliyense, amalipira kuchokera pa ndalama zomwe boma limathandizira anthu ovutika kapena pa malipiro ake, ndipo akaswa panganolo akhoza kutulutsidwa. Kusiyana kwake n'koti samuuza kuti ayambe wasiya mowa kuti alandire kiyi. Ndipo samusiya yekha. Pamakhala alangizi omuthandiza kulemba mafomu, kupita kuchipatala, kukambirana za ngongole zake, ngakhale kumuphunzitsa kuphika ndi kusesa, poti munthu amene wakhala panja zaka khumi zinthu zimenezi amaziiwala. Pofika 2023 chiwerengero chija chinali chitatsika kufika pansi pa 4,000. Mu 2024 chinakweranso pang'ono, koyamba patapita zaka zoposa khumi, nthawi yomwe boma linali likudula ndalama zothandizira lendi. Ngakhale kwa eni ake njirayi imafuna kuisamalira chaka chilichonse.

Ndikudziwa zomwe wowerenga akunena pofika pano: zimenezo n'za azungu a ndalama, ife boma lathu likulephera kugula mankhwala, lipeza kuti nyumba zogawira anthu? N'zoona, thumba la Finland tilibe. Koma ganizo loti wosauka akhoza kupatsidwa nyumba n'kumailipira pang'onopang'ono, anzake akumugwira dzanja, si lachilendo kuno. Amayi a ku Mtandire analiyamba 2008 isanafike.

Mu 2003 amayi a m'dera limeneli mu Lilongwe anayamba timagulu tosunga ndalama, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, ndipo timaguluto tinakula n'kukhala chitaganya cha Malawi Homeless People's Federation. Ambiri anali a lendi m'makomboni, anthu oti landilodi akakwiya mwezi umodzi katundu ali panja. Kasungidwe kawo kanali ka tsiku ndi tsiku. Wotolera amayenda khomo ndi khomo ndi kabuku, wina apereke ya tomato yomwe yatsala, wina ya ganyu yochapa, n'kulemba. Ndalamayo inali yochepa, koma kuyenda khomo ndi khomoko kunkachititsa kuti gulu lidziwe amene wadwala, amene mwamuna wamuthawa ndi amene akufuna kuthamangitsidwa m'nyumba. Anakhazikitsa thumba la ngongole za nyumba lotchedwa Mchenga, n'kupita kumakhonsolo kukapempha malo ngati gulu. Lilongwe inawapatsa malo ku Area 49, Blantyre inapereka ku Angelo Goveya komwe kunamangidwa nyumba zoposa 400, ndipo Mzuzu nayo inapereka. Anaumba okha zidina, amayi n'kumasenza madzi ndi mchenga, nyumba zazing'ono zamalata n'kuima.

Sizinayende zonse bwino. Kubweza ngongole kunavuta m'malo ena, ndipo thumba likapanda kubwezeredwa amene ali pamzere amadikira mpaka kutaya mtima. Enanso anapeza kuti nyumba yatsopano ili kutali ndi msika womwe ankapezerako ndalama. Komabe mabanja mazanamazana omwe banki iliyonse ikanawabweza pachitseko anagona m'nyumba zawozawo. Khonsolo sinatulutse ndalama zomangira, inangopereka malo. Ndimadabwa kuti makhansala athu, omwe nthawi ya kampeni amalonjeza zakumwamba, nkhani ya mapuloti a anthu osauka saikamba kawirikawiri, chonsecho ndi chinthu chomwe chili m'manja mwawo.

Kwa ana nkhani imasintha, chifukwa mwana wa zaka khumi sungamupatse kiyi n'kumuuza kuti azilipira lendi. Nyumba yake ndi anthu. Mabungwe omwe akhala nthawi yaitali pa ntchitoyi, monga Chisomo Children's Club yomwe inayamba mu 1998, Tikondane ku Lilongwe ndi Samaritan Trust ku Blantyre, amadziwa kuti kumutenga mwana pamsewu ndi gawo lophweka. Chovuta chimayamba akasamba ndi kukhuta. Mwana wa mumsewu sanena dzina lake lenileni tsiku loyamba, ndipo mudzi womwe angatchule mwina si wake. Pamafunika masabata akucheza naye kuti aulule kuti kwawo ndi kwa mfumu yakuti, ndiponso chomwe anathawa: njala, bambo omupeza omwe amamumenya, maliro a mayi, kapena kunenedwa ufiti. Ena sanathawe n'komwe, amatumidwa ndi makolo kukapempha ndipo madzulo amabwerera kunyumba ndi zomwe apeza.

Ukangomukweza basi n'kukamutula pakhomo pomwe anathawa, osakonza chomwe chinamuthamangitsa, wangomulipirira ulendo wokaona abale, abweranso. Ntchito yeniyeni ndi kukhala pansi ndi agogo, amalume, mfumu ndi aphunzitsi, kuona ngati pakhomopo pali chakudya, kupeza yunifolomu ndi makope, mwina kupatsa mayi mpamba wa geni, ndipo koposa zonse kubwererako patapita mwezi, n'kubwererakonso. Nthawi zina yankho limakhala loti kwa bambo ake sangabwerere, apite kwa azakhali. Ntchito imeneyi sioneka pa chithunzi. Opereka thandizo amakonda kujambulitsa akugawa mabulangeti pa Khirisimasi, koma mafuta a njinga yamoto ya mlangizi wopita ku Thyolo kukaona ngati mwana uja akadali pasukulu, amenewo salipira msanga.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kumudzi mawuwa anali ndi mano: mwana wamasiye ankadziwika kuti agona kwa yani maliro asanathe. M'tauni aliyense ali kumpanda kwake. Komabe zida zake tili nazo. Mipingo ili ndi milaga ndi miphakati yomwe imadziwa nyumba iliyonse m'dera, mizikiti ili ndi zakaati, amayi ali ndi banki mkhonde, madera ali ndi mafumu a m'tauni. Magulu amenewa amasonkha msanga pakagwa maliro. Akanamasonkhanso chimodzimodzi banja likatsala pang'ono kutulutsidwa m'nyumba chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri, ana ambiri sakanafika pamaloboti. Kumuteteza munthu asanataye nyumba n'kotchipa kuposa kumuchotsa pamsewu atakhalapo zaka zitatu.

Namondwe wa Freddy anationetsa zonsezi pa anthu ochuluka nthawi imodzi. Mu Malichi 2023 anthu oposa 600,000 anasowa pokhala m'chigawo cha kummwera, ndipo masukulu ndi matchalitchi anasanduka misasa. Masiku oyambawo Amalawi anachita zamphamvu, magalimoto a ufa, zovala ndi ndowa ankapita ku Chilobwe ndi madera ena osalekeza. Koma sukulu zinayenera kutsegulidwa, misasa inatsekedwa, ndipo amene analibe malo ena anabwerera kukamanga m'mphepete mwa phiri ndi m'madambo momwe madzi anawapeza. Pa kulandira tinakhoza. Pa kutulutsa anthu kupita pamalo okhazikika tinatsalira.

Ndipo nyumba yosungira anthu ikasiyidwa yokha imasanduka msampha. Nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg inali yosungirako amayi ndi ana ozunzidwa. Ntchitoyo itafa, nyumbayo inagwa m'manja mwa anthu omwe ankadula tizipinda ndi matabwa n'kumatolera lendi kwa osauka. Pa 31 Ogasiti 2023 inapsa, anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi omwe anapita ku Joni kukasaka ganyu.

Tikabwerera kwa anyamata a pakhonde aja, pali kanthu kena kakang'ono komwe kamatsekereza ambiri. Akafika zaka 16 amayenera kukhala ndi chiphaso cha unzika. Popanda chiphasocho sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake, sangatsegule akaunti, ndipo olemba ntchito ambiri, ngakhale ya ulonda, amachifuna. Kuti achipeze amafunsidwa za makolo ake, mudzi wake ndi mfumu yake, komanso anthu omuchitira umboni. Mnyamata amene anachoka kwawo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zina mwa zimenezi sazikumbuka, ndipo alibe wamkulu womuperekeza ku ofesi. Mlangizi kapena mkulu wa mpingo amene angatenge tsiku limodzi kuyenda naye, kufufuza mfumu yake ndi kuima naye pamzere, wamutsegulira njira ya ntchito, ndipo ntchitoyo ndiyo idzalipire kachipinda ka lendi ku Ndirande kapena ku Bangwe. Landilodi naye adzafuna womuimira, munthu wodziwika m'dera woti anene kuti mnyamatayu ndikumudziwa, akavuta mundiuze ine.