Jerry Rice, mwana wa mmisiri wa njerwa

Sabata ino tisiye kaye mpira wa miyendo, abale anga, tikambeko za mpira wina umene anthu a ku America amaukonda koposa. Iwo amautcha football, koma phazi limaukhudza mwa apo ndi apo. Mpira wake ndi wobulungira motalika ngati papaya, osewera ndi 11 mbali iliyonse, ndipo amavala zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa chifukwa kugwetsana n'kololedwa. Pali mmodzi woponya mpira, quarterback. Ndiye pali wina amene ntchito yake n'kuthamangira kutsogolo, kuzemba omutchinga, n'kuwakha mpirawo uli m'malere. Ameneyo ndiye wide receiver. Akafika nawo kumapeto kwa bwalo ndiye kuti wagoletsa, iwo amati touchdown, mapointi 6.

Pa ntchito yowakhayi palibe amene anaposa Jerry Rice.

Iyeyu anabadwa mu 1962 m'chigawo cha Mississippi ndipo anakulira ku Crawford, kamalo kakang'ono ka kumidzi. Bambo ake anali mmisiri womanga nyumba. Sukulu ikatsekera, Jerry ankaima pamwamba pa nsanja, abale ake ali pansi akumuponyera njerwa, iye n'kumawakha ndi kupatsira bambo. Atolankhani a kumeneko amakonda kunena kuti njerwazo ndi zimene zinamupatsa manja. Ine ndimakayika pang'ono. Amene munagwirapo ganyu yomanga mukudziwa kuti njerwa umaigwira ndi manja ouma, pamene mpira umafuna manja ofewa, olandira ngati dzira. Chimene mwanayu anatola pa nsanja paja, m'kuona kwanga, n'kupirira dzuwa ndi kusachoka ntchito isanathe.

Mpira anauyamba chifukwa cha kupulupudza. Tsiku lina anazemba m'kalasi, mmodzi mwa akuluakulu a sukulu n'kumuona. Mnyamata analiyatsa liwiro loti bambowo anangotsala kukamwa yasa. Chilango anachilandira ndithu, koma nkhani ya liwirolo inakafika kwa mphunzitsi wa mpira.

Ku America kawirikawiri munthu salowa ligi yaikulu ya NFL asanadutse ku koleji, ndipo makoleji otchuka sanamulimbirane. Mu 1981 anapita ku Mississippi Valley State, m'tauni ya Itta Bena, koleji yaing'ono imene inamangidwira anthu akuda m'masiku a tsankho. Kumeneko anapeza mphunzitsi Archie Cooley, wokonda kuti mpira uziponyedwa kawirikawiri, ndi woponya waluso Willie Totten. Mu 1984 Rice anawakha mipira 112 ndi kugoletsa ka 27. Anzake anamupatsa dzina loti World, kutanthauza kuti pa dziko lapansi panalibe mpira umene ukanamupulumuka.

Komabe akuluakulu a matimu ankagwedeza mitu. Ena ankati wakhala akusewera ndi timatimu tofooka. Ena atamuyeza ndi wotchi anati alibe liwiro lokwanira. Koma Bill Walsh, mphunzitsi wa San Francisco 49ers, anali atamuona pa kanema usiku wina ali m'chipinda cha hotela ku Houston, ndipo sanamuiwale. Pa chisankho cha osewera cha 1985, Walsh anasinthana malo ndi New England Patriots kuti amutenge pa nambala 16. Owakha awiri, Al Toon ndi Eddie Brown, anasankhidwa iye asanatchulidwe.

Chaka choyamba chinali cha manyazi. Mwana wa njerwa uja anagwetsa mipira yambiri, ochemerera n'kumamukuwiza pa bwalo la kwawo lomwe. Mpaka mu Disembala, posewera ndi Los Angeles Rams, pamene anawakha mipira 10 ya mayadi 241. Okuwiza anakhala chete.

Apa ndi pamene ndimamukondera munthuyu. Anzake akapita kokapuma ligi itatha, iye ankapita ku phiri lina kufupi ndi San Francisco n'kumalikwera chothamanga, mtunda wa makilomita pafupifupi anayi. Osewera ena amene anayesa kumutsatira anabwerako atalema. Phindu lake linkaoneka kumapeto kwa masewero: womutchinga miyendo italemera, Rice anali ngati wangoyamba kumene. Mu 1987 anagoletsa ka 22 powakha mpira m'masewero 12 okha. Mu Januwale 1989, pa Super Bowl, mpikisano wotsiriza wolimbirana chikho, anawakha mipira 11 ya mayadi 215 pogonjetsa Cincinnati Bengals, ndipo anamusankha kukhala katswiri wa tsikulo. Chikhocho anachitenganso mu 1990 ndi Joe Montana ngati woponya, ndiponso mu 1995 ndi Steve Young.

Khama lomwelo linamupwetekanso. Mu 1997 anavulala bondo pa sewero loyamba la ligi. Anabwerera patangotha miyezi itatu ndi theka, anagoletsa, koma pogwa anaphwanya fupa la pamwamba pa bondo lomwelo. Chaka chinathera pomwepo.

Pali kanthu kena kamene sindingakubisireni. Mu 2015 iye mwini anavomera kuti ankapaka zomata pa magolovesi ake, chinthu chimene NFL inaletsa kale mu 1981. Anadziteteza ponena kuti ndi mmene onse ankachitira, koma osewera ena a nthawi yake anakana zimenezo. Kwa ine kumeneku n'kubera, ndipo dzina lake linadetsedwako. Kungoti zomata sizikwera phiri, ndipo sizingamusunge munthu pa bwalo zaka 20.

Mu 2001 a 49ers anamumasula poona kuti wakula. Anangowoloka nyanja kupita ku Oakland Raiders, ndipo ali ndi zaka 40 anaseweranso Super Bowl mu Januwale 2003, ngakhale anagonja kwa Tampa Bay. Anadzera ku Seattle mu 2004. Mu 2005 anayesa ku Denver, koma ataona kuti anyamata amupitirira, anapachika nsapato ali ndi zaka 42.

Anasiya atawakha mipira 1,549, ya mayadi 22,895, ndiye kuti makilomita pafupifupi 21, ndi kugoletsa ka 208. Womutsatira pa mayadi, Larry Fitzgerald, anathera pa 17,492. Mu 2010 a 49ers analengeza kuti nambala 80 imene ankavala sadzaipatsanso wosewera wina.