Matayala a salaula pa Great East Road: mlandu suli pa dalaivala yekha

Mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi ukadutsa, anthu a ku Chongwe amayamba kuyang'ana kumwamba kudikira mvula. Madalaivala a maminibasi a pakati pa Lusaka ndi Chongwe, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45, iwo amayang'ana pansi, ku matayala. Zimene amakamba pa siteshoni n'zofunika kuzimva, ngakhale kuti si zonse zili zoona.

Ambiri amati m'nyengo yotentha ya October ndi bwino kuphwetsako mphepo, kuopa kuti tayala lingaphulike. Apa alakwa. Tayala losakhuta mphepo limapindika-pindika m'mbali poyenda, ndipo kupindikako ndiko kumalitenthetsa mpaka lisweke. Onjezanipo anthu opyola muyeso ndi matumba a makala, ndiye kuti ngozi mwaiitana nokha. Mphepo iyenera kupimidwa m'mawa tayala lisanatenthe, kulingana ndi muyeso umene opanga galimoto analemba pa citseko.

Koma pa za mvula yoyamba madalaivala anena zoona. Madzi akasakanizika ndi fumbi ndi mafuta amene akhala pa tala miyezi yambiri, mseu umaterera ngati therere. Nchito ya mizere ya pa tayala ndi kukankhira madzi kumbali. Ikatha, galimoto imayandama pamwamba pa madzi ndipo mabuleki sagwira. Ku Ulaya lamulo limaletsa tayala limene mizere yake yacepera mamilimita 1.6. Opita ku Chipata amawadziwa mapiri a Manenekela ku Rufunsa. Si malo otsetserekapo ndi tayala lopalika.

Tsono pali nkhani ya matayala a salaula. Madalaivala ena amawatamanda kuti ali ndi mizere yozama ndipo amagwira m'matope a ku Kanakantapa. Inde, koma ena mwa matayalawa, makamaka obwera ndi magalimoto akale ocokera ku Japan, anapangidwira cipale cofewa. Amakhala ndi kacizindikiro ka phiri m'mbali. Mphira wake ndi wofewa, ndipo pa tala wotentha wa kuno umadyeka msanga. Cina n'cakuti tayala limakalamba ngakhale lisanayende. Zaka zake zinalembedwa pa tayala pomwepo: manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT. Mukaona 2318, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2018. A Michelin amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 10 licotsedwe, kaya lioneke labwino motani.

Nanga madalaivala sadziwa kuti matayala ao atha? Amadziwa bwino lomwe, pakuti ndiwo amamva ciongolero cikunjenjemera m'manja. Vuto n'lakuti wogula matayala ndi mwini basi, amene madzulo amafuna ndalama za tsiku zokwanira. Dalaivala akadandaula kawiri, makiyi amapatsidwa mnyamata wina wosowa nchito. Ife amene timatsogolera mapemphero pa maliro timaona kuti m'bokosi simukhala mwini basi.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 2002, limapima magalimoto otenga anthu. Koma tayala la tsiku lopimitsa siliyenera kukhala losiyana ndi la tsiku la msika. Oyang'anira aime pa siteshoni ya Chongwe mvula isanayambe, apime mizere, awerenge manambala a DOT, ndipo cikalata ca cilango cilembedwe m'dzina la mwini basi.