Mlandu Suola, Tiphunzitse Ana Mbiri ndi Malamulo

Kuli makolo ambiri, ndipo ndi makolo achikondi ndithu, amene mwana wao akanena kuti afuna kukaphunzira mbiri, malamulo kapena nzeru za kayendetsedwe ka dziko ku yunivesite, amapukusa mutu nati maphunziro otere sadzaza nkhokwe. Koma kholo la pa Chiweta, pamene msewu wa M1 utsika zitunda za Rumphi nukomana ndi nyanja, lisanafulumire kutero, liyambe lakumbukira zimene zinatuluka pa phiri la Khondowe, limene lili pafupi ndi kwao komweko.

Pamene Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia paphiripo m'chaka cha 1894, sukulu yake ya Overtoun inasula aphunzitsi, alaliki, akalaliki ndi amisiri. Komatu ena mwa iwo, atawerenga za mitundu ina ndi maufumu ake, anayamba kufunsa boma la atsamunda mafunso amene silinawayembekeze. Levi Mumba anali pakati pa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, nadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Clements Kadalie, Mtonga wophunzira pomwepo, anakayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, Azungu a kumeneko nasowa nalo tulo. Yunivesite imene Laws anailakalaka inachedwa, pakuti inatsegulidwa mu 2003, mwini wake atagona kalekale.

Tsono wina adzati izo n'zakale, atsamunda anapita. Inde anapita, koma pansi pa mapiri omwewo pali malasha, amene akumbidwa ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi, ndipo paliponse pamene chuma chili pansi pa munda wa munthu, pamabuka mafunso a chipukuta misozi, a malipiro a wokumba, ndi a madzi amene mudzi umwa. Mafunso amenewa sayankhidwa ndi fosholo, koma ndi munthu wodziwa kuwerenga chikalata cha pangano mzere ndi mzere, nazindikira pamene mwabisala msampha. Safunsa anadya phula, ndipo wodinda chala pa chikalata chimene sanachimve amadyetsa phulalo ndi zidzukulu zomwe.

Lamulo la malo a makolo la mu 2016 lilola banja kulembetsa malo ake, chimene chili chabwino. Koma kulemba malire kumafuna kudziwa amene anayamba kugwetsa mtengo pamenepo, amene anapatsidwa malo ngati mlendo, ndi chimene mafumu anagamula kale, pakuti mlandu suola. Apa mpamene wolemba mbiri, amene anthu amamuyesa wosimba nthano chabe, asanduka mboni yoposa loya, popeza loya wochokera ku Zomba adziwa ndime za lamulo koma sadziwa mtsinje umene unalekanitsa mabanja awiri a Aphoka.

Chifukwa chake ndipempha Sinodi ya Livingstonia ndi aphunzitsi a mbiri a pa yunivesite ya Mzuzu kuti atume ophunzira ao m'midzi ya Chiweta ndi Chitimba, akakhale pansi ndi nkhalamba, nalembe m'Chitumbuka momwemo za malire, za maufumu ndi za milandu yakale, ndipo zolembazo zikasungidwe pamene bwalo loweruza za malo lingathe kuzipeza.