Samu ya Cauchy ndi mtengo wa kachewere

Ana a sekondale kuno ku Kasina adazolowera samu yoti "peza x". Nambala ikapezeka, mwana wajambula mizere iwiri kunsi kwake, basi zatha. Koma mu algebra muli samu zina zomwe chobisika chake si nambala ayi, ndi lamulo lenilenilo. Akatswiri amazitcha functional equation, ndipo yotchuka ndi imene Mfalansa Augustin-Louis Cauchy adaifotokoza m'buku lake la 1821: f(x + y) = f(x) + f(y).

Isakuopseni. Tiyerekeze mayi wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 pa Linthipe, ndipo f(x) ukhale mtengo wa ndowa zokwana x. Samuyi ikungonena kuti kaya mugule ndowa zitatu pakamodzi, kaya ziwiri lero ina mawa, ndalama yake ndi yomweyo. Ndowa imodzi ikakhala pa mtengo c, ziwiri ndi 2c, zisanu ndi 5c. Theka la ndowa nalo silingachitire mwina, pakuti matheka awiri ayenera kukwana c. Ndiye kuti f(x) = cx. (Wopikulitsa amene amatsitsa mtengo mukaoda zambiri, samuyi siyikumukhudza.)

Funso limene timalilumpha m'kalasi ndi ili: kodi yankho ndi lokhali? Poyamba pomwe, c aliyense akulowa, ngakhale 0, wa munthu wogawa ulere. Chabwino, tiuzeni mtengo wa ndowa imodzi. Apo mtengo wa theka, wa kota, wa gawo lililonse lolembeka ngati fulakishoni wadziwika. Koma pali nambala zina, monga √2, zomwe sizilembeka motero, ndipo njira yathu yogawa ndowa siyizifika.

Cauchy adatseka mpata umenewu poika lamulo loti girafu ya f(x) ikhale yosadukaduka. Mu 1905, Georg Hamel wa ku Germany adasonyeza kuti mukachotsa lamulolo, mayankho ena alipo osawerengeka, achilendo kwambiri moti madontho a girafu yawo amamwazikana pepala lonse. Palibe angakulembereni fomula ya ngakhale limodzi, koma umboni woti alipo ndi wosatsutsika.

N'chifukwa chake ine sindikhutira mphunzitsi akachonga 3 pa samu ya x² = 9 osamufunsa mwanayo kuti -3 wamusiya kuti. Kupeza yankho lolowa ndi ntchito ina, kusonyeza kuti palibenso lina ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi ndi imene ana athu amafika nayo ku MSCE asadaiyesepo.

Mayankho a Hamel aja kuwachotsa sikovuta. Mungowonjezera mfundo imodzi yomwe wamalonda aliyense angaivomere, yoti katundu wochuluka sangatsike mtengo kuposa wochepa. Mukatero onse aja agwa, ndipo mtengo wa ndowa imodzi ukadziwika, f(x) = cx ndiye yankho lokhalo.