CHIPATA CHA OPHUNZIRA, MPANDA WA ALIMI



Masiku ano pa wailesi mukumva kawirikawiri mau akuti "pangano la malonda." Akuluakulu a maiko amakwera ndege, nakakhala m'nyumba zazitali, nasaina mapepala, ndipo pobwera amatiuza kuti malire atseguka, tonse tidzalemera. Ine mlembi wanu ndikuti musaombe m'manja msanga. Yambani mwafunsa kuti malirewo atsegukira yani. Kuti funsoli limveke bwino ndikuuzani zimene zinachitika kutsidya la nyanja, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Pa 1 Januwale 1994 maiko atatu oyandikana, America, Canada ndi Mexico, anayamba kutsata pangano la malonda lochedwa NAFTA. Awiri oyambawo ndi olemera, koma Mexico linali ndi alimi ang'onoang'ono ambirimbiri odalira chimanga monga ife, ndipo kumeneko ndiko kwao kwenikweni kwa chimanga chimene timalima kuno. Panganolo linati katundu adziyenda pakati pa maiko atatuwo, misonkho ya pa malire idzichotsedwa pang'onopang'ono. Linatinso anthu ena adziloledwa kukagwira nchito kwa kanthawi m'dziko la anzao. Ku America chitupa chao amachicha TN.

Tsono anthu enawo ndani? Analemba mndandanda wa nchito zoposa 60. Muli mainjiniya, maloya, owerengera ndarama, anamwino, madokotala a mano ndi a ziweto. Pafupifupi onse ayenera kuonetsa digiri. Taonani chodabwitsa! Katswiri wa nthaka alimo, koma wolima nthakayo mulibe. Katswiri wa nkhuku alimo, wa njuchi alimo, wa mkaka alimo, koma woweta ndi wokama mulibe. Mphunzitsi wa ku yunivesite alimo, koma wophunzitsa ana a pulaimale mulibe. Womanga nyumba, kalipentala, telala, onsewa anatsala kunja.

Ndipo ngakhale pakati pa ophunzirawo panalibe chilungamo. Munthu wa ku Canada amangofika pa malire ndi kalata ya womlemba nchito ndi mapepala a sukulu, nalandira chilolezo pomwepo. Wa ku Mexico ayenera kuyamba wapita ku ofesi ya kazembe wa America kukapempha viza. Kufikira chaka cha 2004, a ku Mexico oyenera kulandira chitupachi sanali kupitirira 5,500 pa chaka, pamene a ku Canada analibe malire otere. Pangano limodzi, maiko ochedwa abwenzi, koma wosauka adzera khomo la kuseri. Kodi ndiwo ubwenzi umenewo?

Tsopano timve za mlimi amene dzina lake silinalembedwe. Alimi akuluakulu a ku America amalima ndi makina, ndipo Boma lao limawathandiza ndi ndarama zambiri, kotero chimanga chao chimatsika mtengo. Panganolo linalonjeza kuti msonkho woteteza chimanga cha Mexico udzachotsedwa pang'onopang'ono kufikira 2008, koma Boma la Mexico lenilenilo linalola chimanga chochuluka kulowa msanga osalipira msonkhowo. Mtengo unagwa. Munthu wolima ndi manja ake sakanatha kupikisana ndi thirakitala. Amwenye eni dziko a ku Chiapas anaziona zimenezi zisanafike, ndipo anaukira Boma tsiku lomwelo limene panganolo linayamba. Midzi yambiri inatsala ndi nkhalamba, amai ndi ana, pakuti anyamata anasiya makasu nalowera kumpoto kukafuna ganyu.

Kumpotoko anapeza chiani? Chimanga chinali ndi ufulu wooloka malire, koma wolima chimanga analibe. M'chaka chomwecho cha 1994 Boma la America linakhwimitsa ulonda wa malire pafupi ndi mzinda wa San Diego, ndipo mu 2006 linakhazikitsa lamulo lomanga mpanda wautali. Anthu anayamba kudzera m'chipululu cha Arizona, ndipo zikwi zafera m'menemo ndi ludzu ndi dzuwa. Injiniya anaoloka pa galimoto ndi chitupa m'thumba, mbale wake wa kumudzi anafera pa mchenga. Pangano lomwe linatsegulira mmodzi chipata linamangira winayo mpanda.

Musayese kuti wolandira chitupayo ndi mfulu. Chitupa cha TN chimamangidwa pa dzina la womlemba nchito, ndipo kuti asinthe bwana ayenera kupempha chilolezo china. Poyamba chinali cha chaka chimodzi, mu 2008 anachitalikitsa kufika zaka zitatu, koma mwini wake ayenera kuonetsa nthawi zonse kuti ndi mlendo wodzabwerera kwao. Mkazi kapena mwamuna wake angamtsate, koma saloledwa kugwira nchito. Munthu wotere akazunzidwa amaopa kulankhula, chifukwa nchito ikatha chitupa chathanso. Mu 2017 madokotala a ziweto asanu ndi mmodzi a ku Mexico anasuma ku bwalo la milandu ku Idaho, ponena kuti anaitanidwa ngati akatswiri koma anapatsidwa nchito yokama ng'ombe ndi kuwola ndowe. Makolo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela ankadziwa bwino tanthauzo la pepala limene liri m'manja mwa bwana.

Mu Julayi 2020 pangano latsopano lochedwa USMCA linalowa m'malo mwa NAFTA. Anasintha malamulo a magalimoto, a mkaka ndi ena ambiri, koma mndandanda uja anausiya monga unaliri. Zaka 26 zinapita, dzina la mlimi osalembedwabe.

Wina adzati, "Aphunzitsi, za kutalizo zitikhudza bwanji?" Zitikhudza chifukwa njira yomweyo tayamba kuyenda ife. Mu Malichi 2018 ku Kigali maiko a mu Africa anasaina pangano lalikulu la malonda, AfCFTA, ndipo Malawi ali momwemo. M'chaka chomwecho panali pangano linanso lolola anthu a mu Africa kuyenda ndi kukhala momasuka m'maiko a anzao. La katundu linabvomerezedwa msangamsanga, malonda nayamba pa 1 Januwale 2021. La anthu lifuna maiko 15 kuti liyambe, koma pofika 2023 olibvomereza anali anai okha: Rwanda, Niger, Mali ndi São Tomé and Príncipe. Kuno kwathu ku SADC nkhani ndi yomweyo. Pangano la malonda a nchito zaukatswiri, losainidwa mu 2012, linayamba kugwira nchito mu 2022, pamene la kayendedwe ka anthu wamba, la mu 2005, linakhala zaka zoposa 15 liri m'kabati. Nthawi yonseyo ana athu opita ku Joni kukagwira ganyu akhala akugwidwa ndi kutsekeredwa ku Lindela, kudikira kubwezedwa kwao.

Wina adzatinso, "Kodi mukudana ndi alendo? Kodi sitifuna madokotala?" Iyai, sitidana nao. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chipatala chopanda dokotala chimatipweteka ife a kumudzi koposa wina aliyense, ndipo wodzatithandiza timlandira ndi manja awiri. Chimene tikukana ndi pangano lowerengera digiri yokha ngati umunthu. Tikukananso chipata chotulutsa anamwino ndi mainjiniya athu, ophunzitsidwa ndi msonkho wa fodya ndi mtedza wathu, kuti akalemeretse maiko olemera kale, ife nkutsala ndi chipatala chopanda namwino.

Chifukwa chake nthambi yathu iyenera kunena poyera mfundo izi:

1. Pangano liri lonse la malonda limasuliridwe m'zinenero zathu, liwerengedwe pa wailesi, ndipo likambidwe m'Nyumba ya Malamulo lisanabvomerezedwe.

2. Polemba mndandanda wa ololedwa kuoloka malire, amisiri a manja, amai a geni ndi anchito a m'minda alembedwe pamodzi ndi a madigiri.

3. Chitupa chikhale cha wanchito mwini, kuti akazunzidwa athe kusiya bwana woipa osathamangitsidwa m'dziko.

4. Katswiri aliyense wobwera kuno kwa kanthawi aphunzitse mwana wa kuno, kuti pochoka asiye nzeru.

5. Boma lisachotse msonkho woteteza mbeu zathu popanda kuyamba lafunsa alimi.

Abale, safunsa anadya phula. Alimi a ku Mexico sanafunsidwe, ndipo anazindikira mitengo itagwa kale. Ife tikadali ndi nthawi. Werengani kalata iyi mokweza kwa amene sadziwa kuwerenga, kambiranani pa bwalo, pa chigayo ndi pa mjigo. Phungu wathu akadzabwera, musadzampemphe mchere ndi malaya okha. Mudzamfunse kuti m'mapangano amenewa dzina la mlimi liri pa tsamba liti, ndipo asadzachoke asanayankhe. Bwerani nonse ku msonkhano wa mwezi uno, amai ndi anyamata omwe, kuti mfundozi tizitumize ku boma ndi liu limodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Ine wanu pa nchito ya nthambi,
MLEMBI WA NTHAMBI