Nkhawa imapotoza zokumbukira za ubwana

Abale akakumana pa maliro n'kuyamba kukumbutsana zakale, sipachedwa kubuka mkangano. Ana awiri a bere limodzi angathe kukumbukira mosiyana tsiku limene mayi awo anawasiya kwa agogo nthawi ya njala ya 2002. Wamkulu akuti mayi anakagona pamzere wa chimanga ku Admarc. Wamng'ono, yemwe lero ndi bambo wa ana ake, akuumirira kuti anatayidwa chifukwa sankakondedwa.

Akunama ndani? Mwina palibe.

Akatswiri a za maganizo amati ubongo si kaseti yoti iziimba nyimbo yomweyo nthawi zonse. Munthu akamakumbukira amachita kumanganso nkhaniyo, ndipo mmene mtima wake ulili lero zimalowerera. Mu 1995, Elizabeth Loftus wa ku America anauza anthu 24 nkhani yopeka yoti anasochera m'sitolo yaikulu ali ana. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anayamba kuikumbukira ngati inachitikadi.

Nanga kuli bwanji munthu wodwala nkhawa? Apa sitikunena nkhawa ya fizi kapena feteleza, yomwe imatha ndalama ikapezeka, koma ija yosatherapo: kusowa tulo, mtima kugunda, mantha opanda chifukwa chooneka. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa. Wodwalayo amakhala tcheru kusakasaka zoopsa, ndipo akacheuka m'mbuyo amachitanso chimodzimodzi. Bambo amene ankafika kunyumba ali duu chifukwa chotopa amasanduka bambo wachidani. Kutumizidwa kukakhala kwa amalume kuti aphunzire kumaoneka ngati kupirikitsidwa. Masiku a chisangalalo, monga Khirisimasi ya mpunga ndi nkhuku, amazimirira.

Komatu makolo asathamangire kusamba m'manja. Nkhanza kwa ana zilipo, ndipo ndi zina mwa zimene zimabala nkhawa imeneyi. Kafukufuku wa mu 2019 wa Jessie Baldwin, Andrea Danese ndi anzawo anapeza kuti oposa theka la anthu amene panali umboni woti anazunzidwa ali ana sanatchule za nkhanzazo atakula. Choncho mbale amene akuti kunyumba kunali mtendere nayenso angakhale kuti ndiye waiwala.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Amaitana ankhoswe ndi amalume kuti aweruze wolondola, ngati mlandu wa malire a munda, mapeto ake wodandaulayo amatchedwa wamwano kapena wolodzedwa. Mlandu wa zaka makumi awiri zapitazo, mboni zake zina zili kumanda, sungagamulidwe pakhonde. Chimene chingatheke n'kumumvera munthuyo mpaka amalize, kenako n'kumufunsa ngati akugona bwino, ngati akudya, ngati mantha akumulepheretsa ntchito.

Matenda a nkhawa ali ndi chithandizo, cha uphungu komanso cha mankhwala. Poyambira ndi kuchipatala cha boma chapafupi, ndipo zikakula kuli Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu. Za tsiku lija la kwa agogo zikhoza kudikira kaye mpaka munthuyo atayamba kupeza tulo.