Mnyamata amapsa liti ku baseball ya ku America?

Chakumapeto kwa March 2015, timu ya Chicago Cubs idauza dziko kuti Kris Bryant sanapse. Mnyamatayu anali atamenya ma home run 9 pa masewero okonzekera ligi, kuposa wina aliyense chaka chimenecho, koma akuluakulu adati apite kaye ku timu yawo yaing'ono ku Iowa akasulidwe pa kagwiridwe ka mpira. Kusulako sikudachedwe. Pa 17 April adamuitana.

Nkhani yonse yagona pa kawerengedwe ka masiku. Ku Major League Baseball wosewera amakhala m'manja mwa timu mpaka atakwanitsa zaka 6 mu ligi yaikulu, ndipo chaka chimawerengedwa akakhalamo masiku 172. Bryant adamaliza 2015 ndi masiku 171. Chifukwa cha tsiku limodzi lokhalo, Cubs idamusunga chaka china chathunthu asanaloledwe kudzisankhira timu ndi kutchula mtengo wake. Bungwe la osewera lidadandaula, koma mu January 2020 wogamula mlandu adakomera timu. Lamulo silidaphwanyidwe, ndikuvomera. Koma munthu amene adapata mphoto ya Rookie of the Year chaka chomwecho, ndipo mu 2016 nathandiza Cubs kutenga World Series koyamba chichokere 1908, musandiuze kuti pa 16 April anali akadali wamuwisi.

Amene amati kuchedwetsa ndi chikondi amakonda kutchula David Clyde. Mu June 1973, Texas Rangers idamutenga akungochoka ku sekondale ku Houston, ali ndi zaka 18, ndipo mwezi womwewo usanathe anali akuponyera mpira akuluakulu. Mwini timu, Bob Short, ankafuna anthu pa geti, ndipo tsiku loyambalo adalowadi oposa 35,000. Clyde adatsalira mu ligi yaikulu m'malo mokaphunzira kumunsi, dzanja lidayamba kuvuta, ndipo pofika 1979 zake zinali zitatha, atapambana masewero 18 n'kugonja 33. Fulumira adadya gaga, amatero. Chomwe satchula n'chakuti adafulumira si mwanayo, ndi mwini timu. Yemwe adathamangitsa Clyde ndi yemwe adachedwetsa Bryant onse ankayang'ana thumba lawo.

Umboni wina udabwera mu 2022. Pa mgwirizano watsopano wa eni matimu ndi osewera mudalowa nyambo: timu ikayamba ligi ndi mnyamata wotchuka, iye n'kupata Rookie of the Year, imapatsidwa mwayi wina wosankha wosewera watsopano pa draft. Ndiponso awiri otsogola pa mavoti a mphotoyo amawerengeredwa chaka chathunthu, kaya adaitanidwa mochedwa. Chaka chomwecho Seattle Mariners idayamba ndi Julio Rodríguez, ali ndi zaka 21, iye napata mphotoyo, timu n'kulandira mwayi uja. Anyamata adayamba kupsa msanga modabwitsa. Los Angeles Angels idasankha Nolan Schanuel mu July 2023, ndipo mu August anali kale mu ligi yaikulu.

Kusapsa kwenikweni kulipo ndithu. Kuchoka ku Triple-A, gawo lomaliza la matimu ang'onoang'ono, kupita pamwamba si kudumpha ngalande. Jackson Holliday wa Baltimore Orioles, amene ankawerengedwa woyamba mwa anyamata onse, adakwezedwa mu April 2024, adamenya bwino kawiri kokha pa mwayi 34, nabwezedwa. Ngakhale katswiri Mike Trout adavutika mu 2011. Koma kubweza munthu mutamuona akulephera ndi nkhani ya masewero, ndipo wochemerera aliyense amaimvetsa. Chimandinyansa ine ndi kumukanika pansi akugonjetsa aliyense, uku mukuti ndi ubwino wake.

Pittsburgh Pirates idasankha Paul Skenes woyamba pa draft ya 2023. Ligi ya 2024 itayamba, Pirates idamusiya ku timu yake yaing'ono ku Indianapolis, ati dzanja lizolowere ntchito pang'onopang'ono, ndipo kwa woponya mpira chifukwa chimenecho si chabodza. Adamukweza pa 11 May. Mu July ndiye adatsegulira kuponya pa All-Star Game, ndipo mu November adapata Rookie of the Year. Chaka chathunthu adamuwerengera, ndipo mwayi uja wa pa draft Pirates sidaupate, chifukwa idamuitana mochedwa.